Tinagula Eyakoni Ngati Tikugula Ng'ombe

Lachiwiri lapitali ndinapalasa njinga kupita ku kachipatala ka kwathu kukatenga mankhwala a shuga. Ine ndi wa jakisoni tsiku ndi tsiku, ndipo poti kunyumba kulibe magetsi, timabotolo tanga ta insulini timasungidwa m'firiji ya kumeneko.

Anamwino, amayi Phiri, atatsegula firiji anangoti kukamwa yasa. Anatenga kabotolo n'kundigwiritsa. Kanali kofunda ngati dzira longochoka kunsi kwa nkhuku.

"Abambo, aka sindingakupatseni," anatero. "Firiji inazima dzulo masana. Mabatire a sola akumatha dzuwa lisanapendeke."

"Akuwamaliza ndani?"

Analoza pakhoma la chipinda cha mankhwala, pomwe pali eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja. Makinawo ndinasankha ndine.

Chaka chatha komiti ya kachipatalako inatituma atatu ku Chipata kukagula eyakoni, chifukwa kutentha kwa Okutobala kumawononga mapiritsi. M'sitolo tinapeza maeyakoni awiri. Ina inali yopepuka, yosalira, ndipo inali ndi kapepala ka manambala pambali. Inzake inali ya salaula, yogwirapo kale ntchito, yolemera moti tinanyamula awiri tikubuula. Atayiyatsa inabangula.

"Iyi ndiye yachimuna!" anatero anzanga a Mbewe. Ine ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo tinagula yomweyo.

Musatiseke msanga. Kodi pulawo mumasankha bwanji? Nanga njinga yonyamulira matumba a mtedza? Kwathu kuno chinthu cholemera ndiye cholimba, ndipo ng'ombe timaiona chifuwa. Sitinadziwe kuti eyakoni amaifunsa kadyedwe. Kapepala kaja, konena kuchuluka kwa magetsi amene makina amadya, tinakayesa kokongoletsa. Safunsa anadya phula.

Ndamva kuti maiko ena anaika malire: eyakoni yodya magetsi kupitirira muyezo siloledwa kugulitsidwa, ngakhale wogula ataifuna. Yololedwayo imaziziritsa chimodzimodzi koma imadya pang'ono, mabatire n'kumafika m'mawa, magetsi n'kutsalako a ena. Lamulo lotere limateteza anthu onga ine, amene timasankha ndi mapewa. Ngati kwathu lilipo, ndiye kuti m'sitolo ija linali lisanafike.

Chondiopsa n'chakuti makina okanidwa kwinawo sawotchedwa ayi. Amakwezedwa pa lole kufuna msika wopanda chitseko. Ndipo kutenthaku kukukula. Malo ogona alendo pa boma akufuna maeyakoni, maofesi akufuna, aphunzitsi ena ayamba kufunsa mitengo. Onsewa akagula ngati mmene tinagulira ife, magetsi operewera kalewa adzatsala a ndani?

M'firiji muja simunali insulini yanga yokha. Munalinso katemera wa ana. Azimayi amene anayenda wapansi ndi makanda kumsana anabwerera osabayitsa, ndipo ine ndinalephera kuwayang'ana m'maso.

Pano eyakoni aizimitsa kuti firiji ikhale ndi moyo, ndiye mapiritsi akupsa m'chipinda muja. Mankhwala atsopano akuti abwera galimoto ikapezeka.

Ine ndatsala ndi kabotolo kamodzi, kali mumtsuko wa mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko. Ndikukayang'ana kangapo pa tsiku, ndipo ndikuopa. Inu amene mumalola katundu kulowa m'dziko muno, kabotoloka kakutha Lamlungu. Lolemba ndidzabaya chiyani?