Nsapato za Alamu Anga

Achimwene anga ndi wojambula zithunzi. Mumsewu wathu onse amawatcha a Mwetulirani, chifukwa ndi mawu amene amauza aliyense, ngakhale wodzajambulitsa cha pachiphaso. Kachipinda kawo kali pafupi ndi telala: mpando umodzi, nsalu yabuluu kukhoma, kagalasi, ndi chipeso chomangirira ku chingwe kuti anthu asapite nacho. Ntchito amaidziwa, sindingawanamizire. Koma mowa, mayo ine! Ankati botolo ndi limene limakhazikitsa dzanja.

Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi anakana zoitana wojambula wina. "Mwana wanga ajambulidwe ndi mlendo ine ndili moyo?" Ndinawachenjeza kuti, "Achimwene, lero lokha pakhosi paume." Anandiseka, amvekere ndine wapolisi. Pofika masana anali atalandira tambula kwa aliyense wowapatsa, uku akuuza alendo kuti abweze mafoni m'matumba, katswiri alipo.

Alamu anga, akazi awo, anali akudwala kale nthawi imeneyo. Anadzikoka pabedi, navala diresi yobiriwira ndi nsapato zatsopano, nakaima pambali pa mkwatibwi. "Abambo ake, tijambuleni msanga, miyendo ikukana." Anawajambula ndithu. Zithunzi zitatuluka zinali za denga ndi misana ya anthu. Cha mayi ndi mwana chinatuluka nsapato zokhazokha, zoyera za mkwatibwi ndi zakuda za amayi ake. Chaka chisanathe alamu anga anatisiya.

Mwanayo sanawakalipire. Bola akanawatukwana! Anangolandira envulopu nkunena kuti, "Zikomo bambo," basi. Kukalipa ndinakalipa ndine, mpaka telala anasiya makina kudzatileretsa.

Mowa sanausiyiretu, bodza ndi loipa. Anangodziikira lamulo lakuti kamera ikakhala pakhosi, botolo ayi. Amamwa Loweruka lokha, limodzi, atadya, kamera ataitsekera m'kabati nkundipatsa ine kiyi. Kumaukwati akawasonyeza tambula amati, "Ndili pa ntchito," napempha madzi. Anzawo amawaseka kuti akulamulidwa ndi mlongo wawo. Aseke, kodi anataya chiyani iwowo? Nthawi zina achimwene amaterereka, nkubwera m'mawa maso ali pansi. Ine pakamwa sipandilemera, ndimawauza zowauza, iwo nkuyambiranso.

Chimene ankafuna ndi chimodzi, kuti mwana wawo adzawalolenso kumujambula. Kupempha sankapempha, manyazi. Mwanayo atachira, khanda anakalijambulitsa kwina. Achimwene anamva kwa telala, ndipo tsiku lonse anangokhala pampando uja akupukuta diso la kamera loyera kale. Ndinawamvera chisoni, koma sindinawauze.

Mwezi wathawu mwanayo anandiimbira foni. "Azakhali, auzeni bambo abwere kunyumba, atenge kamera." Achimwene anasita shati mpaka kolala inachita kuwala. Linali Loweruka, koma botolo lawo sanaliyang'ane nkomwe.

Titafika pabalaza pa mwanayo, achimwene anaima pakhomo ngati awathira madzi ozizira. Pakhoma, pamwamba pa mpando waukulu, panali chithunzi cha nsapato chija, chokulitsidwa, chili mu felemu.

"Mwanangu, chotsa chimenecho. Ukundipha."

"Ndichotse bwanji, bambo? Pa ukwati wanga amayi ndili nawo pamenepa pokha."

Sanalankhule mokwiya, ndipo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Ananyamula mwana wake nkukhala pansi pa chithunzicho, nakonza kachipewa ka khanda.

"Tijambuleni. Nkhope zioneke."

Achimwene anakweza kamera. Dzanja silinanjenjemere mpang'ono pomwe, koma anachedwa kudina, akupukuta m'maso ndi mkono wa shati. Tinadikira mawu awo aja. Munthu amene wauza msewu wonse kuti umwetulire anatsegula pakamwa, liwu osatuluka.