Beseni la ku Chanyanya

Chaka chimene fakitale ya nsalu inachotsa anthu ntchito, aliyense ku Nangongwe anasanduka wamalonda. Ambuya, agogo anga aakazi amene anandilera makolo anga atamwalira, anali m'gulu la ochotsedwawo. Ine ndinali nditangomaliza sukulu, ndipo ntchito yanga inali kuwawerengera chilichonse cholembedwa m'Chingerezi.

Abale athu onse anatsala ku Petauke. Ambuya sankaopa imfa, ankaopa kufa n'kusowa owasambitsa. N'chifukwa chake maliro alionse a m'komboni ankakagonako pamodzi ndi amayi anzawo a kutchalitchi. "Aba ndiye babululu banga," ankatero, kutanthauza kuti amayiwo ndiwo abale awo. Ine sankandiwerengera, poti kwathu mtsikana amene sanabereke sakhudza mtembo.

Kenako kunabwera bambo wina amene kale anali kapitawo ku fakitale ya feteleza, tayi ili pakhosi dzuwa likuswa mtengo. Anabweretsa kalabu ya maulendo. Ukalipira umembala n'kulowetsa anzako atatu, iwonso atatuatatu, kalabuyo ikukweza ndeke kukaona nyanja yamchere.

"Belenga, uniuze ngati ni vazoona," anatero ambuya pondipatsa kabuku kake. Munali zithunzi za azungu atagona pamchenga. Masamba onse ankakamba zolowetsa anthu, za ulendo weniweniwo zinali pang'ono kumapeto.

Sindine wolankhula pagulu, koma pamsonkhano wa pakhonde pathu ndinafunsa. "Ba kapitao, imwe munayendako kuti?"

"Iwe mwana, ndeke siibwela monga minibasi. Uziyembekeza."

"Nanga bamene bazangena pothela, bazaleta ndani?"

Amayi amene anali pamsonkhanopo anaseka. "Kamwana aka kanakalambila mumimba!"

Anthu atabalalika ndinauza ambuya kuti asalowe. Iwo anayankha: "Nsalu zamene ninapanga zinayenda kutali. Ine nikali pamene apa." Analowa, n'kukokeramo amayi atatu amene ankawakonda koposa, ndipo iwonso anakoka ena mpaka gulu lonse la kutchalitchi lija linathera momwemo. Mayi mmodzi yekha sanaitanidwe, wogulitsa nsomba wa ku Chanyanya amene ankaima ndi njinga pageti pathu. "Fungo ya nsomba mu ndeke?" anatero ambuya, mwini wake akumva.

Mvula isanathe, kapitawo uja anasamuka osatsanzika. Amene anapita ku Lusaka kukafunsa anapeza muofesi ya kalabu akugulitsamo salaula, zovala zovalidwa kale. Mayi wina anali atagulitsa makina ake osokera kuti alowe. Palibe anabwera kudzakalipa. Anangosiya moni. Ambuya anapitirizabe kugona m'maliro, koma akayala chitenje chawo, anzawo ankasunthira kwina.

Ambuya anamwalira nyengo yozizira. Amayi aja anabwera, poti maliro sakanidwa, ndipo anaimba ndithu. Koma m'mawa wopita kumochale kukasambitsa thupi, uyu msana, uyu mwana wadwala. Wa makina uja sanabise. "Baitaneni ba kalabu babasambike."

Ndinaima pageti ndi sopo m'manja, osadziwa kolowera. Ndipo mayi wa nsomba uja anatulukira pa njinga yake, beseni lili kumbuyo lopanda nsomba.

"Shani mwana? Kulibe amene ayenda?"

Ndinapukusa mutu.

"Tiye. Ine nizagwila kumendo, iwe kumutu."

"Koma ine sininabale, mayo."

"Manje tibasiye so?"

Tinawasambitsa awirife ndi madzi a m'beseni lake. Beseni lija analitsuka, komabe fungo la nsomba silinachoke, ndipo ambuya analowa ndi fungolo m'bokosi. Kumanda, amayi omwe aja ankanong'onezana kuti mtsikana wagwira mtembo, sadzaona mwana pamsana.

Kapitawo ndinamuiwala nkhope. Amayi ajawo ndimakumana nawo pamsika mpaka lero, ndipo asanayankhe moni wanga amayamba ayang'ana kumsana kwanga.