Jezi ya Mkamwini

Mukafunsa achikulile a ku Kalindawalo, akuuzani kuti ine pa unyamata wanga ndinamenya mpila ndili ku Petauke, mpilawo n'kuboola mtambo, n'kukagwela pamsika wa ku Nyimba, ndipo woimbila anatuma munthu pa njinga kukaona, n'kuvomela kuti chinali chigoli. Chonde musawafunse. Ndi bodza limenelo. Chibadwile sindinamwetsepo chigoli, ngakhale pa mpila wa mapepala. Chimene ndinamenyapo ndi chitsa, chala n'kutupa ngati dzungu. Wodziwa bola m'banja lathu ndi mwana wa mlongo wanga, Anastazia Daka, amake Mildred, ndipo nkhani ino ndi yake.

Anastazia ndi mzimai wamfupi, wolima thonje ndi nshawa, wosataya mawu. Akakuyang'ana uli pakati pa nkhani, mawu amabwelela okha kukhosi. Mpila sanausewelepo. Koma chaka china anaona anyamata a m'mudzi mwathu akulowa m'bwalo osavala malaya, anzawo a ku Nyampande atavala zofanana, akuwaseka kuti abwela kudzasamba. Manyazi anamugwila iye kuposa anyamatawo. Atagulitsa nshawa zake anapalasa njinga mpaka kuboma, n'kufukula m'milu ya salaula, zovala zakale zogulitsa pamsika, tsiku lonse, n'kubwelako ndi majezi achikasu a mizele yakuda. Timu inapeza dzina tsiku lomwelo: Mavu.

Kwathu kuno timu ilibe ofesi, ilibe chidindo. Mwini timu ndi munthu amene majezi amagona m'nyumba mwake. Anastazia amawachapa yekha, amawayanika kuseli kwa nkhokwe, ndipo tsiku la masewelo amawasenza m'ndowa pamutu. Amene wamupatsa jezi m'manja, ameneyo ndiye asewela. Amene wamudumpha, kaya ndi mwana wa dikoni, akhale pansi adye nzimbe.

Izi amuna sanazikonde n'komwe. Iwo amasonkhana pa chigayo cha a Josphat Njovu, aliyense kochi, aliyense katswili. Ena bondo linaleka kupinda kalekale, koma amasankha timu mpaka dizilo kutha m'chigayo.

"Eustace uja akufunanji kutsogolo? Amathamanga ngati wasenza thumba la chimanga chonyowa."

"Amai ake amaimba kwaya imodzi ndi amake Mildred, n'chifukwa chake."

"Matimu a kunja eni ake amayenda pa ndege. Ife mwini wathu amayenda ndi ndowa."

A Njovu ankangoseka, akupukuta ufa m'ndevu. Anali atanena kale kuti akapatsidwa timuyo agula majezi atsopano olembedwa dzina la chigayo kumsana, n'kutenga anyamata a kuboma m'malo mwa alimi awa. Koma nthawi yonse imene Mavu ankapambana, mawu awo ankamizidwa ndi phokoso la chigayo chawo chomwe. Ndipo Mavu ankapambana chifukwa cha Titus, mlongo wake wamng'ono wa Anastazia, mnyamata amene akakweza mwendo goloboyi amalapa machimo ake mpila usanafike.

Tsoka linabwela ndi nthochi. Basi imene Titus anakwela popita ku Lusaka inaima pa Kacholola, ndipo mtsikana wina, Dainess, anamugulitsa nthochi pa windo. Ku Lusaka kunapita thupi lokha, mtima unatsala pa Kacholola. Chaka chisanathe tinali pamphasa kwa a Lungu, bambo ake a Dainess, ine nkhoswe nditavala jekete. Mwa mwambo wathu mwamuna amatsata mkazi, choncho Titus ananyamula bulangeti ndi khasu, ulendo wokakhala mkamwini ku Kacholola. Ku chigayo anati amake Mildred agulitsa Titus, ndipo agulitsa mopusa, osalandilapo ngakhale nkhuku.

Choipitsitsa n'chakuti m'nyumba ya a Lungu ndimo mumagona majezi a Ziphaliwali, timu ya ku Kacholola. Titus anakana kuwavala, ati bondo likupweteka, ngakhale aliyense ankamuona akulumpha mizele kumunda. Chaka chino, pa kapu ya ogula thonje, Mavu anakwawa okha popanda iye mpaka kufika pa fainolo. Kumeneko anapeza Ziphaliwali zikuwadikila. Malamulo a kapuyo amalola munthu kusewelela kumene anabadwila kapena kumene anakwatila. A Lungu malamulowo ankawadziwa, ndiye ananenelatu pamaso pa anthu pamsika, kuti mphepo ifikitse mawu kwathu.

"Kukana kundisewelela, ndapilila. Koma mkamwini sabaya nyumba imene amadyamo. Akavala chikasu tsiku limenelo, bulangeti lake akalipeza pa msewu waukulu."

Nthawi imeneyo n'kuti Dainess ali wodwala, miyezi itatha kale, akungodikila tsiku.

Sabata ya fainolo gulu la ku chigayo linafika pakhomo pa Anastazia. Anamupeza akuswa nshawa m'lichelo, ndipo sanaimilile.

"Amake Mildred, tabwela mwamtendele," anayamba a Njovu. "Loweluka tikufuna Titus m'bwalo."

"Titus ali ndi kwawo tsopano, a Njovu."

"Kwawo ndi kuno! Mchombo wake unakwililidwa kuseli kwa nyumba ino," anakuwa wina kumbuyo.

"Ndiye kaufukuleni muuveke jezi."

Palibe anaseka. A Njovu anasendeza mpando, n'kutsitsa mawu.

"Tamvani, amai. Malamulo akulola. Mnyamatayo akufuna, watumiza mawu. Mukamumana jezi, ndiye kuti inu mwasankha banja lanu, ifenso tisankha timu yathu. Wezulo yomaliza ikalila, ndowa ija ikagona ku chigayo. Mudzi wonse wagwilizana."

Anastazia anakweza maso n'kuyang'ana nkhope imodzi imodzi. Sanali amuna okha. Panalinso azimai amene amatunga nawo madzi, ena mwa iwo ana awo anawaveka jezi yoyamba ndi manja ake. Onse anayang'ana pansi, koma palibe anachoka pagulupo. Iye anadziwa kuti sakumuopseza chabe. Anadziwanso kuti ndowa ikapita ku chigayo, anyamata ake amene amabwela ku masewelo atachoka kumunda, zidendene zili zong'ambika, sadzalowanso m'bwalo. Manja ake anapitiliza kuswa nshawa, koma zambili zinkagwela panja pa lichelo.

Gulu litapita anabwela kwa ine.

"Amalume, nkhoswe ndinu. Nkhani za apongozi siziyenda pa foni, ndipo ine sindingakaime pamaso pa a Lungu ndekha. Pitani ku Kacholola mukapemphe mwaulemu. Akalola, Titus asewela. Akakana, sindingapasule banja la mlongo wanga chifukwa cha chikopa chodzaza mpweya."

Ine ndinadziguguda pachifuwa.

"A Lungu? Mwana iwe, ndikawalankhula mpaka adzanyamula okha nsapato za Titus pamutu!"

"Musakawalankhule kwambili," anatelo. "Mukangopempha."

Loweluka bwalo la sukulu kufupi ndi boma linadzaza moti nyelele zinabwelela kusowa popita. Anthu anali m'mitengo, pa madenga a makalasi, ena pa mapewa a anzawo. Kanta ya ku Kacholola inafika ikuliza hutala, ng'oma zili pamwamba. A Lungu anatsika pang'onopang'ono, n'kukakhala pa mpando tsidya lina la bwalo, ambulela ili pamutu, maso ali kuno.

Anastazia anatula ndowa pansi pa mtengo wa mango, anyamata n'kumuzungulila. Anayamba kugawa monga mwa masiku onse, osatchula dzina, kungotambasula dzanja. Ya goloboyi inapita. Za kumbuyo zinapita. Za pakati zinapita. Anthu anayamba kuyandikila, mpweya n'kuchepa pansi pa mtengowo. M'ndowa munatsala jezi imodzi, ya wakutsogolo, ndipo pamaso pake panaima anyamata awili: Eustace, thukuta lili kamukamu asanathamange n'komwe, ndi Titus, amene anali atafika yekha ndi basi ya m'mawa, nsapato zili m'pulasitiki.

"Ti-tus! Ti-tus!" Phokoso linayamba ku gulu la ku chigayo n'kuzungulila bwalo lonse. Tsidya lija ng'oma zinaleka.

"Asisi, ndipatseni," anatelo Titus motsitsa. "Zotsalazo ndikaziona ndekha."

"Ukaziona uli pa msewu ndi bulangeti?"

"Akulandani timu, asisi. Ndamva zonse."

"Ndakufunsa za timu?"

Woimbila analiza wezulo yoitana. A Njovu anali ataima pafupi, manja kumbuyo, akumwetulila ngati munthu amene mbuzi yake yabala mapasa. Anastazia anaitulutsa jezi ija, n'kuikung'untha, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Amalume ali kuti?"

Ndinali kuseli kwa mtengo, kumene kunali mthunzi wabwino. Anandikankhila kutsogolo.

"Mwayenda bwanji ku Kacholola?"

Maso mazana anali pa ine, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Ndayenda bwino, mwana wanga! Mailo, dzulo lomweli, dzuwa lili pamutu ndinali pamphasa pa a Lungu. Poyamba anauma ngati mwala wa mphelo. Koma nditayamba kulankhula, munthu uja analila misozi yodzaza mbale. Ati, mkamwini wanga asewele, amwetse ngakhale zigoli khumi, ndidzamuphela mbuzi!"

Bwalo linaphulika. Zipewa zinaponyedwa m'mwamba, wina anagwa mu mtengo koma anapitiliza kukuwa ali pansi. Dzanja la Anastazia linayamba kutambasuka, jezi ikulendewela cha kwa Titus. Kenaka linaima pakati. Anayang'ana tsidya lija, kumene a Lungu anakhala osagwedezeka pansi pa ambulela, osaoneka ngati munthu amene walonjeza mbuzi.

"Nanga mlamu wanga Dainess munamupeza bwanji?"

"Ali bwino kwambili! Mimba ija, mwana iwe! Akamalowa m'nyumba imayamba kulowa ndi mimba, mwini wake n'kufika pambuyo pake. Koma mphamvu ali nazo. Anandithamangitsila yekha tambala, n'kundiphikila ndi manja ake, mchele wake wosapitilila. Ndinanyambita mpaka mbale kuboola."

Titus anagwetsa maso pansi, n'kuyamba kukanda fumbi ndi chala cha kuphazi. Anastazia anamuyang'ana mlongo wake, n'kundiyang'ana ine. Kenaka anatembenuka n'kuika jezi ija m'manja mwa Eustace.

"Vala. Usathamange ndi mpila, umenye ukangoona zigoli."

Chimene chinachitika pamenepo sichinali phokoso, inali mvula ya matalala. "Mfiti!" "Wagulitsa masewelo!" "Mlandeni ndowayo pompano!" Chitsononkho chinaponyedwa n'kumenya ndowa. Eustace anaima jezi ili m'manja, mpaka Anastazia anamukankha pamsana kuti alowe m'bwalo. A Njovu anayandikila, kumwetulila kuja kutakula.

"Mwasankha nokha, amake Mildred. Tonse tamva kuti apongozi alola."

"Ndasankha, a Njovu. Masewelo akatha mudzatenge." Analoza majezi amene anyamata anavala. "Muzichapa ndi madzi ozizila, otentha amasulutsa chikasu. Ya goloboyi yang'ambika m'khwapa, ndimaisoka sabata iliyonse. Musamayanike pa waya, amachita dzimbili."

Anatembenukila kwa Titus, amene misozi inali italengeza m'maso.

"Iwe, zungulila bwalo ukakhale pafupi ndi apongozi ako. Uyende pang'onopang'ono, akuone kuti wavala malaya ako."

Titus anapukuta m'maso. Ananyamula pulasitiki yake n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa mzele, anthu akumukuwiza mbali zonse. Tsidya lija a Lungu anasuntha ambulela pang'ono, n'kuuza wina kuti abweletse mpando wina.

Wezulo inalila, mpila unayamba. Anastazia sanayang'ane. Anakhala pansi pa mtengo, ndowa yopanda kanthu ili pakati pa miyendo yake, akupukuta m'kati mwake ndi nsonga ya chitenje, ngakhale munalibe fumbi. Mtima unandipweteka kumuona chotelo, ndipo ndinakhala pambali pake.

"Koma mwana iwe, wataya timu pachabe. Ine ndakuuza kuti a Lungu alola! Ukukana mawu a malume ako, munthu amene mailo lomweli wadya tambala wa Dainess?"

Anastazia sanakweze mutu.

"Amalume, Dainess anachila Lachitatu. Mwana wamwamuna. Azimai ananditumila mawu, amuna simunauzidwe chifukwa mchombo sunagwe. Ali m'chikuta, satuluka panja, sayandikila moto, sagwila mchele." Apo ndiye anandiyang'ana, kuyang'ana kuja kobweza mawu kukhosi. "Tsono ndiuzeni bwinobwino, tambala ameneyo munakamudyela kuti?"