Achemwali Anabwera kwa Tsiku Limodzi

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinadziwa kuti nsanje imatha kumuthetsera munthu njala chakudya chili m'manja. Tinkakhala ku Balbriggan, tauni ya m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Dublin, ine ndi amayi basi. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo Loweruka kwa iwo linali tsiku la ntchito ngati lina lililonse. Ndikawauza kuti anzanga onse a m'kalasi anakaonapo agwape ku Phoenix Park, yankho linali lomwelomwelo: "Dublin sathawa, Tiya. Tidzapita." Ine wobadwira momwemo, mzindawo ndinkangouonera pawindo la sitima.

Koma amayi anali ndi mwana wina, achemwali anga a Madalo. Anawasiya ku Lilongwe kwa amayi aang'ono akadali kamwana, ndipo chifukwa cha mapepala omwe ankachedwa kulongosoka, amayi anali asanapondeko kwathu chichokereni. Ine a Madalo ndinkangowadziwira pafoni, nkhope yoduka-duka ndi mawu ochedwa kufika. Ndiye tsiku lina inabwera nkhani yoti kwaya ya achinyamata ya ku parishi kwawo ikupita kumsonkhano kudziko lina, ndipo ndege yawo idzatera ku Dublin m'mawa n'kunyamukanso madzulo. Bambo mfumu amene ankatsogolera gululo analola kuti amayi awatenge kwa maola amenewo.

Abale inu, amayi omwe aja, amene analephera kubwera tsiku limene ndinaimba ndekha kutsogolo kwa sukulu yonse, anapeza tchuthi popanda vuto lililonse! Sabata yonse anakhalira kufunsa anzawo a kuntchito malo oyenera kuonetsa mlendo. Anagula matikiti a basi yopanda denga ija, imene imazungulira ndi alendo mumzinda. Kwa ine matikiti amenewo nthawi zonse ankati ndi kuwononga ndalama. Mumtimamu munkatentha.

Ku airport, a Madalo anatuluka atavala yunifolomu ya kwaya, aatali, owonda, akunjenjemera ndi mphepo. Ataona amayi anagwada pansi pomwepo, azungu akudutsa ndi zikwama zawo. Amayi anawadzutsa, kuwakumbatira, kulira mokweza osachita manyazi. Atapukuta misozi ananditembenukira.

"Waona ulemu, Tiya? Apatse moni achemwali ako."

Ndinangoti "hi," maso ali pansi. Masiku amenewo Chichewa ndinkamva koma kuyankha ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo tsiku limenelo awiriwo ankachiyankhula mothamanga, kutchula mayina a anthu amene sindinkawadziwa, kuseka mpaka kuombana m'manja. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ngati wonyamula katundu.

Ulendo wake unali wa mpikisano. Amayi ankafuna kuthira Dublin yense m'maso mwa mwana wawo dzuwa lisanapendeke. Pabasi paja mpando wakutsogolo unali wa iwo awiri, ine anandiika pambali pa bambo wina wonenepa amene ankandipanikiza ndi chikwama chake. Tikatsika, foni inkabwera m'manja mwanga. "Jambula, Tiya! Fulumira, nthawi!" Ndinawajambula pakamlatho koyera ka pamtsinje wa Liffey, ndinawajambula patsinde pa chitsulo chachitali chosongoka cha mumsewu wa O'Connell, ndinawajambula pageti la yunivesite yakalekale. Palibe amene anati nanenso ndiimepo. Tisanaone bwino chinthu, amayi anali atayang'ana kale wotchi n'kutikokera kwina.

Chimene chinkandinyansa kwambiri n'chakuti a Madalo sankayang'ana n'komwe. Amayi akaloza tchalitchi chachikulu, iwo ankangoponyako diso kamodzi n'kubwerera pankhope ya amayi. Amayi akamayankhula, iwo ankawayang'ana pakamwa. Ine mumtima ndinkati, taonani munthu wosayamika uyu, zinthu zimene ndakhala ndikupempha moyo wanga wonse akumupatsa m'manja, iye alibe nazo ntchito.

Masana tinagula nsomba ndi tchipisi, tinakhala pabenchi m'mbali mwa mtsinje. Amayi ankachotsa minga pansomba ya a Madalo, munthu wamkulu ndithu wa ku sekondale. Ndili kuyang'ana zimenezo, chimbalame choyera cha kunyanja chinatsika n'kundilanda tchipisi m'dzanja. Iwo anafa nacho chiseko. Ine misozi inalengeza, ndinakankhira pepala lonselo kumbali, njala n'kuthera pomwepo.

Chinanditonthoza chinali chimodzi: amayi anati tikachoka apo tikupita ku Phoenix Park. Agwape anga aja! Ngakhale ndinkapitira pamsana pa wina, ndinali wokonzeka kukhululuka zonse. Koma tikuyandikira pokwerera basi, a Madalo anaima.

"Amayi, agwape ndi kwathu komwe aliko. Ine ndikufuna ndikaone kumene mumagona."

"Kunyumba? Iii, mwanangu, kulibe choona. Ndi kanyumba chabe."

"Komweko, amayi. Chonde."

Ndinaphulika. Ndinakuwa m'Chingerezi kuti si chilungamo, kuti munthu wa tsiku limodzi sangamalamule chilichonse. Amayi anangondiponyera diso lija limene mwana wa Mmalawi aliyense amalidziwa, ndipo ndinatseka pakamwa. M'sitima yopita ku Balbriggan ndinakhala mpando wandekha, nditafufuma ngati mtanda wa mandasi.

Titafika, a Madalo anavula nsapato pakhomo n'kuyamba kuyendayenda mwakachetechete. Nyumba zikuluzikulu za m'tauni sanaziyang'ane, koma kanyumba kathu anakaona ngodya iliyonse. Anatsegula kabati ya makapu. Anagwira jekete ya kuntchito ya amayi imene inali pachitseko. Analowa kuchipinda, anakhala pabedi la amayi, n'kutenga pilo kuyiika kumaso kwa kanthawi. Potuluka anandifunsa ine, koyamba tsiku lonselo.

"Tiya, pakudya iwe umakhala pati?"

Ndinaloza mpando wanga. Anakhalapo pang'ono, manja ali patebulo, kenako anadzuka.

Atatero anakakhala pansi pakapeti kutsogolo kwa sofa, nayamba kumasula tsitsi lawo.

"Amayi, mundiluke."

Amayi anayang'ana wotchi. Anakatenga chipeso ndi botolo la mafuta, anakhala pasofa, mutu wa a Madalo uli pakati pa mawondo awo. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, kudabwa. Malo amenewo anali anga Lamulungu lililonse madzulo, ndipo ndinkadana nawo koopsa. Amayi ali ndi dzanja lolemera, akamaluka amakoka mpaka nsidze kukwera, ndipo ine ndinkalira, kuthawa, kubisala kubafa. Koma a Madalo anangotsinzina.

"Ndikukupweteka?" anafunsa amayi.

"Ayi. Kokani."

M'nyumba munali zii, kumangomveka chipeso ndi fungo la mafuta a kokonati. Mzere woyamba unatha, wachiwiri, wachitatu. Ndinaona misozi ikutsika pamasaya pa a Madalo, ndipo ine ndi nzeru zanga za zaka khumi ndinaganiza kuti ndi ululu wa kukoka kuja.

Foni inalira. Anali bambo mfumu, kufunsa kuti tili pati, gulu lonse lasonkhana kale. Amayi anali atangomaliza mbali imodzi ya mutu, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala. Anati amasule msangamsanga kuti angolimanga pamodzi, mwana asakachite manyazi pagulu. A Madalo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Ayi, amayi. Musamasule."

M'takisi yopita ku airport a Madalo anandinong'oneza kufunsa ngati amayi amandiluka kawirikawiri. Ndinati sabata iliyonse, ndipo zimawawa. Anangoti "mmm," n'kuyang'ana kunja.

Lero ndine munthu wamkulu, ndipo ndikakumbukira tsiku limenelo ndimadzimvera chisoni ndi kudziseka nthawi imodzi. Nsanje yanga sinali yabodza, mwana amafunadi kuti amayi ake amupezere tsiku. Koma ndinkawerengera tsiku limodzi limene mnzanga anapatsidwa, osaona kuti masiku ena onse anali anga: kudzutsidwa m'mawa, kukalipiridwa, kukokedwa tsitsi. Zimene ine ndinkathawa n'zimene achemwali anga anasiya mzinda wonse kuti akalaweko.

Patapita masabata chichokere a Madalo, amayi aang'ono anaimba foni kudandaula. Anati mwana uja wabwerera ku Lilongwe ndi mutu woluka theka, ndipo aliyense amene akufuna kuumaliza akumukaniza.