Kiyi wa Malume Ambrose

Malume anga, a Ambrose Kamtedza, anagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu mu ofesi ya sherifi wa dera lina kunja kwa Toronto. Deralo sindilitchula, poti ena mwa anthu ake akali moyo. Sherifi kuno ndi amene amakwaniritsa zimene khothi lagamula: kutulutsa anthu m'nyumba, kulanda katundu ndi kumusunga mpaka tsiku lomugulitsa. Anali ndi omuthandiza anayi, ndipo wakuda pakati pawo anali malume okha.

Kwathu ku Ntcheu malume anali mesenjala wa khothi, kenako womasulira. Anabwera kuno mu 1967 mothandizidwa ndi m'busa wina. Ine ndinawapeza mu 1973 nditabwera kudzaphunzira unamwino, ndipo ndinkagona m'chipinda chapansi m'nyumba yawo ku Etobicoke. Zina mwa izi ndinaziona ndekha, zina ndinamva kwa akazi awo, anti Vainess. Pamene ndikukayika ndinena.

Sindikufuna kuwakometsa. Ntchito yawo ankaikonda mopitirira. Tikamadya ankatifotokozera mmene anatulutsira banja lina la Chipwitikizi mu Januwale sinowo, chipale chozizira chija, ikugwa, nkhalamba ya m'nyumbamo itakana kudzuka, iwo n'kuinyamula ndi mpando womwe kukaiika panjira. Ankafotokoza akuseka. Ankati pepala la khothi silimva kuzizira. Amalawi anzathu ankawapatsa moni waulemu kutchalitchi, koma ochepa okha ndiwo ankafika kwawo.

Sherifiyo anali a Tobias Mulhern, mzungu wamtali wa ku Markham. Malume sankawatchula dzina ngakhale kumbali, ankangoti Bwana. Mu 1971 a Mulhern anawapatsa kiyi wa nyumba yosungiramo katundu wolandidwa, ndipo malume anamumanga pa chingwe n'kumamuvala m'khosi, posamba pomwe. Anzawo ankawanyogodola kuti Mpresibeteriya wavala kolona ngati Mkatolika. Koma Loweruka lina ndi lina galimoto ya a Mulhern inkaima panja pathu n'kuliza hutala, malume n'kuthamanga, kiyi ali m'manja awiri. Kiyiyo ankabwerako Lamlungu. Ine ndinaziona kawiri. Anti akuti zinkachitika pafupifupi mwezi uliwonse.

Mu Okutobala 1976 apolisi anapeza kuti katundu wambiri ankasowa tsiku logulitsa lisanafike, ndipo anawatsegulira mlandu wakuba a Mulhern. Lachitatu sabata yomweyo a Mulhern anaitana malume mu ofesi, natseka chitseko. Anawauza kuti Lachisanu atula pansi udindo, ndi kuti akuluakulu awalola kutchula munthu wogwirizira mpandowo. Anati akufuna munthu wodziwa kusunga nyumba, ndipo anawagwira paphewa. Dzina sanatchule. Izi ndikutsimikiza, chifukwa anti anafunsa kangapo ngati dzina linatchulidwa, ndipo malume anayankha kuti akulu sanena zonse.

Lachinayi linali tsiku loti malume akafunsidwe kupolisi. Wapolisiyo anawafunsa ngati panali munthu wina amene anagwirapo kiyi. Malume anati ayi. Anawafunsanso, natchula a Mulhern. Anati ayi. Kachitatu wapolisiyo anaika cholembera pansi n'kuwauza kuti aganize bwino, akhoza kubweranso mawa ndi loya. Malume anati loya ndi wa anthu olakwa, nasaina.

Pofotokoza kunyumba anali wokondwa. Anati mesenjala wolongosoka satchula mkulu wake pamaso pa alendo, za m'nyumba zimathera m'nyumba, ndipo mkulu amadziwa yekha mmene amabwezera. Anti anasiya mbale imene ankatsuka.

"Bambo a Naomi, kuno si ku Ntcheu. Mwasainira ndende inu."

"Khala chete iwe. Lolemba udzuka uli mkazi wa sherifi, ndiye uyambe kuphunzira kuyankhula."

Lachisanu masana kunali tiyi wotsanzikana ku ofesi. Anti anakazinga mandasi beseni lathunthu chifukwa malume analamula, ndipo ine ndinapita nawo kukathandiza kunyamula. Malume anavala suti imene anachitira ukwati. A Mulhern anayankhula nthawi yaitali za matenda awo a mtima ndi za adani amene akufuna kuwaipitsira mbiri. Kenako anati wogwirizira mpando ndi Bester. Besteryo anali mkamwini wa achemwali a a Mulhern, ndipo anali atangotha zaka ziwiri pa ntchito. Kulemba mafomu anamuphunzitsa ndi malume.

Woyamba kuwomba m'manja anali malume. Mwina n'chifukwa chake a Mulhern anawatembenukira, kapu ili m'manja.

"Ambrose wathuyu ndiye musamuiwale. Ndi wokhulupirika zedi, moti kiyi wake ngakhale ine sankandibwereka. Wauza apolisi choncho, wasainanso."

Anthu anaseka. Malume anasekanso, koma ndinaona dzanja lawo likufufuza pakhosi. Mandasi sanadyedwe, ndipo tinabwerera nawo pa basi.

Lolemba Bester anaitana malume. Anawauza kuti avule kiyi, ndipo chingwe chitakola pa kolala anatenga sizasi ya pa desiki n'kuchidula yekha. Anawaimitsa ntchito tsiku lomwelo. Patapita milungu iwiri apolisi anabwera kudzawatenga.

Mlandu unazengedwa mu Malichi 1977. Loya wa malume anati njira inali imodzi: anthu amene anaona galimoto ija akaime m'khothi. Anti anavomera nthawi yomweyo. Malume anakana. Anati mkazi wawo sangakaime pagulu kumutcha Bwana wakuba, ndipo akatero asabwererenso m'nyumba mwawo. Ankakhulupirira kuti a Mulhern akukonza zinthu mwakachetechete ndipo mboni ikhoza kusokoneza. Ine anandiuza kuti amene anasainira mapepala anga obwerera kuno ndi iwo, ndipo akhoza kulemba kalata ina yondibweza kwathu. Sindikudziwa ngati lamulo likanawalola. Sindinafufuze. Ndinaopa, ndipo ndinakhala chete.

Tsiku lachitatu la mlandu, ataona kuti palibe chikukonzedwa, malume ananena motsitsa mawu kuti mwina Bwana anabwerekapo kiyi kamodzi. Woimira boma anawerenga pepala la kupolisi lija, mafunso onse atatu ndi mayankho ake, kenako anawafunsa kuti khothi likhulupirire Ambrose wa Okutobala kapena wa Malichi. Malume anayang'ana kumene kunakhala a Mulhern. A Mulhern ankapukuta magalasi. Malume anagamulidwa miyezi khumi ndi inayi, ndipo mlandu wa a Mulhern unathetsedwa posowa umboni.

Tikutuluka, a Mulhern anatipeza m'khonde la khothi. Anauza anti kuti ali ndi chisoni chachikulu, ndi kuti akudziwa kuti pakhomo zinthu zivuta tsopano. Mkazi wawo, iwo anati, akufuna munthu wokolopa m'nyumba Lachinayi lililonse. Ine ndinawakoka dzanja anti n'kuchokapo.

Anti atapita kukaona malume kundende anawafotokozera, poganiza kuti tsopano maso awo atseguka. Malume anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati Bwana wayamba kubweza.

"Upite. Ukakana adzati tili nawo mangawa."

Anti anali atagwira ntchito yosamalira okalamba zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kukolopa sikunali kwachilendo kwa iwo. Koma m'nyumba ya a Mulhern sankafuna kupondamo. Anapitabe. Ankakwera basi, sitima yapansi ndi basi ina kukafika ku Markham, ndipo anayenda choncho zaka zitatu. Malume atatuluka anapeza ntchito yotsuka magalimoto obwereketsa pafupi ndi bwalo la ndege. Kutchalitchi anasiya kupita, poti anthu anali atayamba kuwafunsa ngati pepala la khothi linawafunditsa bulangete.

Chaka chachiwiri cha kukolopako, mkazi wa a Mulhern anatuma anti kukatenga ndowa m'chipinda chapansi. Anti analakwitsa chitseko. Mkatimo munali piyano, mawailesi akanema anayi, makina osokera ndi majasi a ubweya atapachikidwa pa waya. Pa chinthu chilichonse panali kapepala ka ofesi komangidwa ndi ulusi, kokhala ndi tsiku ndi dzina la mwini wake, m'zilembo zopendekera za malume.

Madzulo ake anti anauza malume ine ndili pomwepo. Anati apite onse kupolisi, dzina lawo liyeretsedwe, mwana wawo Naomi asamatchedwenso mwana wa wakuba kusukulu. Malume anali akuvula nsapato zonyowa. Kenako anawauza kuti m'nyumba ya eni asamatsegule zitseko zimene sanatumidwe, ndi kuti Lachinayi asachedwe basi.