Tsiku limene ndinavula apongozi chitenje

Mpaka lero anthu akwathu kuno akafuna kundiseka amati ndine mkamwini amene anavula apongozi ake chitenje dzuwa likuswa mtengo. Sindikana. Ndinavuladi, pamaso pa amayi odzaza khonde la chipatala, ndipo mukandifunsa ngati ndimachita nazo manyazi ndikuuzani kuti ayi. Pa zinthu zochepa zimene ndachita bwino pa moyo wanga, chimenechi ndimachiika patsogolo.

Zinachitika zaka zija titangolowa m'ndale za zipani zambiri. Ine kwathu ndi kwa Kaphuka, koma ndinakwatira cha ku Kabwazi, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakakhala kwawo kwa mkazi. Nyumba ndinamanga ndi manja anga, koma dothi limene inaimapo linali la apongozi anga aakazi. Munda wa kachewere umene ndinkalima unalinso wawo. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ine ndinkadziwa kuti tsiku limene eni mudzi adzatope nane ndidzanyamula bulangete ndi khasu basi, ana anga awiri n'kutsala.

Ine ndi apongoziwo tinkathawana, monga ulemu unkafunira. Tikakumana m'njira, wina ankapatukira m'tchire. Moni tinkapatsana iwo ali kuseri kwa nkhokwe, ine nditanjuta kuno. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha ndisanawayang'anepo m'maso. Ndinkawadziwira mawu, ndi kuyetsemula kwawo akanunkha fodya. Nkhani ikakhalapo pakati pathu inkadzera kwa mkazi wanga.

Ndinkagwira ntchito pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi mudziwo, ntchito ya chilichonse: kutchetcha, kukonza mipope, kupachika sikelo ya ana. Chaka china anaika sola padenga, n'kubweretsa matochi ndi mabatire otchaja kuti azamba a m'midzi azigwiritsa ntchito. Apongozi anga anali mmodzi wa azambawo, ndipo osati wamba. Ana ambiri a m'dera lathu anafikira m'manja mwawo. Anamwino aakulu anandipatsa ine udindo wa mabatirewo, chifukwa ndisanakwatire ndinagwirapo ntchito kwa bambo wina wachisilamu wokonza mawailesi pa Boma la Dedza. Bamboyo ndi amene anandiphunzitsa kuopa batire.

Ntchito imeneyi ndinkainyadira, ndisakunamizeni. Tsiku la sikelo azamba ankabweretsa mabatire ofooka, ine n'kuwapatsa odzaza. Lililonse ndinkayamba ndaliyendetsa chala. Likakhala kuti kapulasitiki kolikuta kang'ambika, kapena latupa, kapena likutulutsa zoyera ngati mchere, ndinkaliika padera, silinkatulukanso m'chipinda changa. Vuto linali lakuti anthu anazolowera mabatire wamba a wailesi, aja akatha timawaanika padzuwa, kuwayandikiza kumoto kapena kuwagogoda ndi mwala kuti adzuke. Ndinalankhula mpaka kusasa mawu kuti awa si aja. Awa akakhuta amakhala ndi ukali. Chitsulo chikangolumikiza kumutu ndi kunsi kwake, batire limatentha mpaka kupsereza nsalu.

Tsono amayi akwathu mukuwadziwa. Thumba lawo ndi mfundo ya pansonga ya chitenje. M'menemo mumalowa kiyi wa nyumba, makobidi, pini, kachitini ka fodya, ndi china chilichonse chimene dzanja latola. Nditaona zimenezo ndinadula nsungwi tizidutswa totalika ngati chikhatho, n'kusemera kalikonse chotsekera cha chitsononkho, kuti mabatire azikhala m'menemo okhaokha. Mzamba aliyense analandira yake. Ya apongozi ndinaipala ndi galasi la botolo mpaka kusalala, n'kuipereka kwa mkazi wanga pamodzi ndi uthenga.

Koma uthenga wodzera mwa mwana wawo unkafika utazizira. Ine ndinkati, "Mukawauze amayi kuti asayerekeze kumanga mabatire pamodzi ndi kiyi." Iye ankakafika n'kunena kuti, "Akuti muzisamala nawo." Apongozi anaiyamikira nsungwi ija kuti njosalala, n'kuyamba kusungiramo singano ndi ulusi. Izi ine ndinadzazimva mochedwa, chifukwa tsiku la sikelo iwo ankangoika mabatire awo pawindo n'kubisala kukhoma, ine n'kuikapo odzaza, n'kubwerera m'kati kuti atenge. Kumene ankawasunga sindinkakuona.

Tsikulo kunali chisanu cha mu Juni, nkhungu itatsika phiri mpaka pakhomo. Nditamaliza kusintha mabatire ndinatuluka ndi ndowa kupita kumpope. Apongozi anali ataima kumapeto kwa khonde, atandipatsa msana, akucheza ndi mzamba mnzawo. Anavala diresi, juzi ndi zitenje ziwiri, chapamwamba chili cha chipani chawo chimene ankachikonda ngati mwana. Ndinati ndizungulire kuseri monga mwa nthawi zonse, koma mphuno inandiimitsa. Kunkanunkha nsalu yopserera. Nditayang'ana ndinaona kautsi kowonda kakutuluka pa mfundo imene anaisomeka m'chiuno, ndipo nsalu pamenepo inali itayamba kuda. Iwo sankamva kanthu chifukwa cha zovala zambiri zija.

Anthu anadzandifunsa pambuyo pake kuti bwanji sindinakuwe. Ndinakuwa. Ndinati, "Amayi, moto!" Koma apongozi atangomva mawu anga anachita zimene anazichita zaka zonse zija: anagwira chitenje m'chiuno mwamphamvu, n'kuyamba kundithawa. Mmene ankachigwiramo ndi mmene ankakanikizira mfundo ija pathupi. Ndinaponya ndowa, ndinawathamangira, ndinagwira mfundoyo n'kukoka. Chitenje chonse chinabwera nane. Mfundoyo inali yotentha ngati khasu loiwalidwa pamoto. Ndinaing'amba ndi dzanja lomwelo, mabatire awiri, kiyi, pini ndi kachitini ka fodya n'kugwera mumchenga.

Amayi onse a pakhonde anatembenuka. Kenaka mayi wina anakuwa, "Kalanga ine, mkamwini!" Apongozi anaima pamenepo ndi chitenje cham'kati chokha pamwamba pa diresi, ataphimba nkhope ndi manja, kenaka anatembenuka n'kulunjika kumudzi osayang'ana m'mbuyo. Ine ndinatsala ndi nsalu yawo m'manja. Anamwino aakulu anaona mabatire aja, anaona chikhatho changa chitatuluka matuza, anandilowetsa m'kati n'kundimanga bandeji. Iwo anamvetsa zonse, koma anamwino si amene amasunga ukwati wa munthu.

Mbiri inafika kumudzi ine ndisanafike, ndipo m'njira inasiya utsi uja. Ena ankati ndi demokalase imeneyi, akamwini ayamba kuvula apongozi awo. Ena, podziwa kuti pa riferendamu ine ndi apongozi sitinaponye kumodzi, ankati ndinakwiya ndi nkhope imene inali pachitenjepo. Zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Ine woti ndinkawadulira nkhuni mayi amenewo, ndikawachite chipongwe chifukwa cha andale amene sadziwa n'komwe kuti kuno kuli anthu?

Atsibweni a mkazi wanga, alongo awo a apongozi, amenenso anali nkhoswe ya kuchikazi, anatumiza mawu kwa Kaphuka kuti akulu anga abwere. Masiku atatu odikirawo apongozi sanatuluke m'nyumba. Tsiku lachitatu mkazi wanga anakhala pamphasa n'kuyamba kulira.

"Abambo, mukangovomera kuti munalakwa," anatero. "Mukapereke nkhuku, nkhani ithe. Mukufuna ana awa azikuonerani patali?"

Ndinamuyankha kuti nkhuku ndipereka ngakhale ziwiri, chifukwa manyazi ndinawachititsadi. Mantha ndinali nawo, sindibisa. Ndinkayang'ana mwana wanga wamkazi akusewera pakhomo, n'kumaganiza zoti ndingamusiye. Koma mtima wanga uli ndi pamene umaima, ndipo ukaima suyendanso.

Tinakhala m'mawa pabwalo la nyumba ya atsibweni. Akulu anga anakhala pambali panga, mkazi wanga ndi amayi ena pamphasa, apongozi kuseri kwa mpanda wa udzu kumene ankamva zonse osaoneka. Atsibweni anali munthu wolankhula mofatsa, wosema mipini, ndipo tinkagwirizana ndithu. Tsiku limenelo sanandiyang'ane. Anafotokoza nkhani yonse, akulu anga anapepesa m'malo mwanga, ine ndinafotokoza za utsi n'kuonetsa bandeji.

"Za moto tamva," anatero atsibweni. "Koma pakhonde paja panali amayi ambiri. Mukanauza mmodzi. Thupi la apongozi si logwira mkamwini, ngakhale nyumba ikupsa. Ife sitifuna zambiri. Nenani pano kuti munalakwa, ndipo simudzachitanso. Mukatero, khalani. Mukakana, ndiye kuti mudzi uno wakucheperani."

Akulu anga ananditsina pantchafu. Ndinadziwa tanthauzo lake. Mawu anali ochepa, osavuta kutchula, ndipo nyumba yanga, munda ndi ana zinali kuseri kwa mawu amenewo.

"Atsibweni, kuti ndinawachititsa manyazi amayi, ndikupepesa ndi mtima wonse," ndinatero. "Koma zoti sindidzachitanso, pamenepo ndikunamizani. Mawa ndikadzaonanso utsi m'chiuno mwawo, ndidzakoka. Kuuza munthu wina kumafuna nthawi, ndipo nsalu ija inali itayamba kale kuyaka. Ndilolera kupita kwathu iwo ali bwino, kusiyana n'kukhala pano ndi ulemu wanga iwo ali gone m'chipatala."

Mkazi wanga anaika mutu pamaondo. Akulu anga anapumira m'mwamba n'kunena chapansipansi kuti ndinabadwa ndi liuma. Atsibweni anapukusa mutu, anakonza kukhosi kuti agamule, ndipo ine mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza za njira ya kwa Kaphuka.

"Achimwene, taimani."

Anali mawu a apongozi, kuchokera kuseri kwa mpanda. Tinamva akudzuka movutikira, kenaka anatulukira poyera, akutsimphina pang'ono. Ine mwachizolowezi ndinatembenuza nkhope, ndipo ndinangomva akukhala pansi chapafupi.

"Masiku atatu ndakhala chete chifukwa cha manyazi," anatero. "Koma manyazi anga si a chitenje. Bambo awa anandisemera nsungwi, ine n'kuikamo singano. Mwana wangayu anandiuza, ine n'kuti za ana. Pachiuno panga pano pali chilonda ngati chikhatho cha khanda, moto unadutsa chitenje ndi diresi. Ndakhala ndikudzithira mankhwala ndekha kuti wina asadziwe. Inu achimwene mukuti akanauza mayi wina. Amayiwo analipo, maso ali nawo, mphuno ali nazo. Anandigwira ndani?"

Atsibweni anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi.

"Ine ndagwira matupi a anthu moyo wanga wonse," anapitiriza apongozi. "Mwana akabwera chopingasa sindifunsa kuti mayi ake ndi ndani kwa ine. Ndimalowetsa dzanja. Mukawathamangitsa bambo awa chifukwa cha dzanja lawo, muyambe mwathamangitsa ine."

Atsibweni anataya kamtengo kaja n'kunena kuti mwini chitenje walankhula, iwo awonjezerapo chiyani. Za nkhuku sizinatchulidwenso. Akulu anga anawomba m'manja mwaulemu, amayi aja anayamba kusuntha pamphasa, ndipo ine ndinkaganiza kuti zatha. Ndinali chiyang'anire kumbali pamene ndinamva apongozi akulankhulanso, ulendo uno motsitsa, ndipo mawuwo sankadzera kwa mwana wawo.

"Apongozi, tatembenukani. Tione dzanjalo."

Ndinatembenuka. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino: mayi wamng'ono thupi, wa maso ofiira ndi kusagona, wa mphuno ngati ya mwana wanga wamkazi. Ndinatambasula dzanja. Analigwira pamaso pa alongo awo ndi mudzi wonse, anamasula bandeji pang'onopang'ono, n'kuyang'ana matuza aja mmene amayang'anira mchombo wa khanda.

"Musalinyowetse," anatero. "Kumunda musapite sabata ino. Kachewereyo akakumba achimwenewa."

M'mawa mwake ndinawaona atsibweni akudutsa kuseri kwa nyumba yanga, khasu lili paphewa, akulowera kumunda kwanga.