Kalata ya penshoni yomwe ndinkangoichita fotokope

Mwezi wa Juni ku Nairobi kumazizira, ndipo ndi mwezi womwe tinkapereka mafomu a msonkho. Ndinkadana nawo mweziwu. Ndinkalawirira kuchoka ku Rongai, kupanikizana m'matatu, maminibasi a kumeneko, kenako kukaima pamzere ku ofesi ya misonkho m'tauni, envulopu yakhaki ili kukhwapa, uku ana a kalasi langa akungosewera kusukulu.

Ndinapita ku Kenya m'zaka za m'ma 1990 kukaphunzitsa masamu pasukulu ina ya mpingo. Anzanga a kumeneko ankadulidwa kangachepe mwezi ndi mwezi kupita ku thumba la boma losungira antchito ndalama za paukalamba. Ine ayi. Ndinachoka kwathu ndili kale pa penshoni ya aphunzitsi a mpingo wathu, ndipo ndinkadziwa kuti ndikadzapuma ndidzadya yomweyo. Choncho pafomu ya msonkho, bokosi lolembamo nambala ya thumba lija ndinkalisiya lopanda kanthu, n'kuphatikiza kalata yachidindo yochokera ku likulu la mpingo kwathu, yonena kuti ndili pa penshoni.

Kalata imeneyi siinkapezeka mwamasewera. Yapapositi inkatha miyezi. Unkachita kufunsa kutchalitchi kuti ndani akupita kumudzi, n'kumuchonderera kuti akadzere ku likulu, munthu ali ndi maliro ake ndi maukwati ake. Chaka choyamba ndinavutika nazo zonsezo. Chachiwiri ndinatopa, ndinangochita fotokope kalata yakale ija. Inadutsa. Chachitatu inadutsanso. Basi chinakhala chizolowezi, fotokope ya fotokope, mpaka chidindo chinkaoneka ngati pomwe padonthera tiyi.

Patatha zaka zoposa khumi ndinakumana ndi kalaliki wina, mayi wamagalasi, yemwe ankawerenga pepala lililonse mpaka pansi.

"Mwalimu, barua hii ni ya zamani," anatero m'chiyankhulo cha kumeneko, kutanthauza kuti, aphunzitsi, kalatayi ndi yakalekale. Ankafuna yachaka chomwecho.

Ndinapsa mtima, ndinayankhula zambiri. Iye anangondibwezera envulopu yanga.

Mwamwayi mkulu wina wa mpingo, Mmalawi mnzathu wogwira ntchito ku bungwe lina ku Parklands, ankapita kumudzi sabata yomweyo, ndiye ndinamutuma kalata yatsopano. Atabwerako tinaonana titatuluka m'mapemphero. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire kalata, koma iwo anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, tiyeni tikhale kaye pansi."

Tinakhala pabenchi kuseri kwa tchalitchi.

"Akuti pochoka anakupatsani tchuthi cha zaka zitatu zokha. Zitatha anakulemberani kawiri, kusukulu yanu yakale ija, kuti mubwerere kapena mupemphe kuwonjezera. Yankho silinabwere, ndiye anakufufutani m'kaundula."

"Nanga zaka zonse ndaphunzitsa kunozi?"

"Akuti zimenezo sakuzidziwa. Pepani ndithu."

Ndinafuna woti ndimukwiyire koma sindinamupeze. Ndikanapempha kalata yatsopano chaka chilichonse, nkhani ya tchuthiyo ndikanaimva nthawi ilipo. Ine mphunzitsi wa masamu, wokalipira ana okopera ntchito ya anzawo, ndinali nditakopera pepala limodzi zaka zonsezo. Imvi zinali zitayamba kale, ndipo ndinalibe penshoni kwathu, ndinalibenso kalikonse ku Kenya. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo mkazi wanga ndinamuuza patapita masiku atatu.

Fomu siinkadikira zimenezo. Tsiku lomaliza la Juni ndinakwera matatu, ndinaima pamzere mpaka miyendo kuwawa, n'kugweranso kwa mayi wamagalasi yemwe uja. Anatembenuza fomu kufuna kalata, sanaipeze. Analoza bokosi lopanda kanthu lija ndi cholembera.

"Ndiye muli kuti, Mwalimu? Ku thumba la kuno, kapena ku penshoni ya kwanu?"

"Sindili kulikonse, mayi."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anadinda fomu ija pang'onopang'ono, n'kuitana wotsatira.